Kupatsa n'kuika

Akuluakulu akamati kupatsa n'kuika amatanthauza kuti chimene wapatsa mnzako sichinatayike, wangochisunga pena. Mbale ya ufa imene yatuluka m'nyumba mwako kupita kwa mnansi amene ana ake agona osadya ili m'nkhokwe ina, kumene anankafumbwe safikako, ndipo tsiku lako loipa likadzakwana udzaipeza. Mwambiwu amauzidwa mwana amene akubisa chimanga chootcha kumbuyo poona anzake akubwera. Amauzidwanso munthu wamkulu woumira, amene mlendo akamufikira nthawi ya nsima amayamba kukamba za mvula kudikira kuti achoke.

Kuno kwa Msakambewa, m'mapiri olowera ku Ntchisi, mwambiwu umayesedwa chaka ndi chaka. Januwale akalowa, matumba amakhala atapepuka m'nyumba zambiri, chimanga cham'munda chisanakhwime, fodya asanapite ku okushoni. Ukafunsa mayi amene akupeta gaga kuti mawa adya chiyani, yankho lake ndi lodziwika: Mulungu adziwa. Ine mawu amenewa ndimawalemekeza, chifukwa ndi amene amadzutsa anthu m'mawa kupita kuganyu m'mimba muli pululu. Funso langa ndi lakuti Mulunguyo akamapereka, chakudyacho chimadzera kuti. Ndikayang'ana m'Baibulo ndi m'mbiri ya dera lino, ndimapeza kuti kawirikawiri chimadzera m'dzanja la munthu wina amene nayenso analibe zambiri.

Mwambiwu unalipo amishoni asanafike. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankakhazika mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere mu 1889, ndi pamene Robert Blake ankayamba ntchito pa Kongwe mu 1894, anapeza anthu odziwa kale kuti pamaliro nyumba iliyonse imatulutsa ufa, kuti wosowa amapita kukasuma kwa abale ake a kudera kumene mvula inagwa bwino, ndiponso kuti wapaulendo samanidwa madzi ndi nsima. Buku Lopatulika, limene ntchito yaikulu yolimasulira inachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera komweko, litatuluka mu 1922, makolo athu anakumanamo ndi nkhani za chakudya zambirimbiri, ndipo zina sizinali zachilendo m'makutu mwawo.

Taganizani za mkazi wamasiye wa ku Zarefati uja. Dziko linali pachilala, iye atatsala ndi kaufa kapansi pa mbiya ndi timafuta, akutola nkhuni zoti aphikire mwana wake komaliza. Mulungu anali atadyetsa kale Eliya pogwiritsa ntchito makungubwi, ndipo akanatha kupitiriza motero. Koma anamutumiza pakhomo pa mayi wosaukayo, ndipo ufa unasiya kutha pokhapo mayiyo atayamba wapatsa. Chimodzimodzinso khamu la zikwi zisanu lija: Yesu anayambira pa kamba wa mnyamata mmodzi, mikate isanu ndi tinsomba tiwiri. Mnyamatayo akanakumbatira kathumba kake, nkhani ikanakhala ina. Ngakhale mana a m'chipululu, amene anagwa popanda dzanja la munthu, anali ndi lamulo lake: wotola mopitirira n'kubisa kuti adye mawa ankapeza atagwa mphutsi. Paulo, posonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, anakumbutsa mpingo wa ku Korinto nkhani ya mana yomweyo, kuti zotsala zawo za lero zikwaniritse kusowa kwa anzawo, popeza tsiku lina zinthu zidzatembenuka. Mtumwiyo sankadziwa Chichewa, koma zimene ankaphunzitsa ndi zomwe agogo athu ankanena pabwalo.

Pali anthu ena amene amamva kukhulupirira Mulungu ngati kukhala pakhonde n'kumadikira. Amenewa awerengenso nkhani ya Yosefe. Mulungu anapulumutsa Aigupto ndi banja la Yakobo kudzera mwa munthu amene anamanga nkhokwe n'kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha Msyamboza, mfumu ya pa Chibanzi, amene mbiri yake inalembedwa ndi Samuel Josia Nthara. Anakhala Mkhristu, ndipo amakumbukika chifukwa cha khasu: ankalima mbewu zatsopano monga tirigu, ndipo mudzi wake unkadziwika ndi chakudya. Wopatsa amayamba wakhala nacho choti apatse. Munthu amene mu Meyi wagulitsa chimanga chonse kwa mavenda pamtengo wolira, ndalama n'kuthera pa Mponela, asadzanene mu Febuluwale kuti Mulungu wamuiwala.

Chaka chimene chinatiphunzitsa zonsezi mowawa ndi 2002. Mvula ya chaka cham'mbuyo inaononga mbewu, zokolola zinachepa, ndipo anthu atatembenukira ku boma kunapezeka kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse. Mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Pa misika ya ADMARC anthu ankagona pamzere kudikira timakilogalamu towerengeka. M'chigawo chapakati muno anthu anadya gaga, anafukula zitsa za nthochi, anagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya pamtengo wongotaya. Atsogoleri a mipingo ndi mabungwe anafuula kwa nthawi ndithu, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira chaka chimenecho ndi mmene mwambi wathu unagwedezekera. Mabanja ankaphika usiku zitseko zili zotseka kuti utsi usaitane mnansi. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankamenyedwa mwankhanza, ena kuvulazidwa moyo wawo wonse, ndipo omenyawo Lamulungu ankakhala m'tchalitchi limodzi ndi abale a womenyedwayo. Sindikuweruza munthu amene anabisa ufa wa ana ake, pakuti njala imachotsa munthu nzeru. Komabe funsani amene anapulumuka chaka chimenecho kuti anapulumuka bwanji. Ambiri amatchula munthu: mlamu amene anatumiza ndowa ya chimanga kuchokera ku Lilongwe, mayi wa Chigwirizano amene ankabwera ndi phala kwa wodwala, mwini dimba amene anapereka ganyu ngakhale ntchito yeniyeni panalibe. Mayina a anthu amenewa sanaiwalike m'midzi, ndipo ana awo mpaka lero salowa m'mavuto okha. Kumeneko ndiye kuika kumene makolo ankanena. Nkhokwe za dziko zija za ku Kanengo zinapezeka zopanda kanthu, koma zimene anthu anaika mwa anzawo zinapezeka.

Tsono mwambi wabwino umakhalanso ndi akuba ake. Woyamba ndi wakatapila. Amakupatsa thumba limodzi nthawi ya njala kuti pokolola udzabweze awiri kapena atatu, n'kumayenda m'mudzi ngati wachifundo. Ameneyu sanapatse, watchera msampha, ndipo banja limene lakodwamo limayamba chaka chatsopano lili kale ndi njala ya chaka chamawa. Wachiwiri ndi mlaliki amene amauza mayi wamasiye kuti abweretse nkhuku yake yomaliza kapena ndalama ya feteleza ngati mbewu yofesa kwa munthu wa Mulungu, kuti alandire zochuluka. Amatchula ngakhale za ku Zarefati zomwezo. Koma Eliya anakhala m'nyumba ya mayi uja, nadya zomwe mayiyo ndi mwana wake ankadya kwa masiku ambiri. Sananyamule ufawo kupita nawo kwawo. Mlaliki amene watenga chakudya cha wosauka n'kumusiya ndi lonjezo lokha wasandutsa chikhulupiriro kukhala malonda, ndipo mpingo suyenera kuchita naye manyazi pomudzudzula.

Pali chinanso chimene chimavuta pa mwambiwu, ndipo ndi pamene Uthenga Wabwino umaupititsa patsogolo. Ngati kupatsa n'kuika, munthu wochenjera angasankhe kuika kwa okhawo amene angadzabweze: wachibale, mnansi wa munda waukulu, mwana wa mfumu. Nanga nkhalamba yopanda mwana? Nanga mlendo? M'boma lathu lomwe lino muli Dzaleka, imene kale inali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pamalo amene anakonzedwera anthu ochepa kwambiri, ndipo thandizo la chakudya limene amalandira lakhala likudulidwa ndalama zikachepa ku mabungwe. Timagulitsana nawo tomato ndi makala, ena timapemphera nawo. Yesu anaphunzitsa kuti pokonza phwando tiziitana amene sangathe kutibwezera, ndipo anadziika yekha m'malo mwa wanjala ndi mlendo. Kwa Mkhristu, ndiye kuti palibe mbale imene imapita pachabe. Wolandirayo akalephera kubweza, wosunga ndi Mulungu mwini. Apa m'pamene kupatsa kumafuna chikhulupiriro chenicheni, chifukwa ukutulutsa ufa osaona kumene ubwererenso.

Chakudya chili pakati penipeni pa chipembedzo chathu. Timapemphera tisanasambe m'manja, timabweretsa zokolola kutchalitchi nthawi ya masika, ndipo chinthu chopatulika koposa chimene timachita pamodzi ndi kudya mgonero. Paulo yemweyo anakalipira Akorinto chifukwa pa mgonero wawo ena ankakhuta pamene ena anali ndi njala. Mpingo umene umadya mkate umodzi Lamulungu, Lolemba osadziwa kuti ndi nyumba iti imene sinasonkhe moto, uli ndi mlandu womwewo.

Choncho pempho langa likupita kwa akulu a mpingo, atsogoleri a miphakati, amayi a Chigwirizano ndi mafumu athu. Chimanga cha masika chisamagulitsidwe chonse mu Juni kuti tigule malata ndi zokuzira mawu. Patulani matumba ena, muwathire mankhwala, muwasunge mpaka Januwale, ndipo madikoni alembe msanga mayina a nkhalamba, amasiye ndi odwala a m'dera lawo, osayang'ana kuti amapemphera kuti. Inunso amene mwakolola bwino chaka chino, musanaitane venda, patulani ndowa imodzi ya nyumba imene mukuidziwa kale kuti sifika Khirisimasi.