Mfundo Yokhala ndi Pomasulira

Munthu womanga mbuzi pa cikhomo afuna zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Afuna kuti cingwe cigwire tsiku lonse, mbuzi ingalowe m'munda wa eni ndi kubala mlandu. Afunanso kuti madzulo cimasuke msanga popanda mpeni. Wosadziwa kumanga akumbukira coyambaco cokha. Aunjika mfundo pamwamba pa mfundo, ndipo mvula ikagwa, khonje ndi kufufuma, ayesa ndi zala, nayesa ndi mano, potsiriza nadula cingwe cimene anagula ndi ndalama.

Amalinyero, amene moyo wao unali pa zingwe, anaiganizira kwambiri nkhani imeneyi. Mmodzi wa iwo, Clifford Ashley wa ku America, anaturutsa buku m'caka ca 1944 lofotokoza kamangidwe ka mfundo zoposa 3,000. Mwa zimenezi muli gulu la mfundo zomangira cingwe ku mtengo, ku nsici kapena ku cipika. Yokokera cipika ndiyo yosabvuta koposa: cingwe cizungulira cipikaco, nsonga ikola cingwe cacikuru, nibwerera kudzipiringiza yokha katatu kapena kanai. Ng'ombe zikakoka, mfundo ithina. Zikaima, ikhwefuka yokha. Womanga bwato pa dooko la Luangwa azunguliza cingwe kawiri pa mtengo, kenaka amanga timfundo tiwiri pa cingwe cacikuruco. Mphamvu ya madzi ithera pa zozungulizazo, kotero kuti timfundoto timasuka ngakhale bwato liri kukoka. Irinso ina, imene Angerezi aicha clove hitch, yofulumira kumanga koma yoterereka mtengo ukamatembenuka. Ndipo munthu akasolola mtengowo, cingwe cingoongoka, mfundo osaonekanso.

Tsono anthu samanga mbuzi ndi mabwato okha. Amanga ukwati, amanga pangano la ngongole, amanga ubwenzi. Kodi womanga mnzace ayenera kumsiyira pomasulira? Ena akana. Ati pangano lokhala ndi khomo loturukira ndi bodza lobvala bwino, pakuti munthu wodziwa kuti angathe kumasuka sapirira tsiku la njala. Mau awa sali opusa. Alipo anyamata okwatira maso ali pa njira, ndiponso okongola ndalama amene ayamba kufuna pothawira asanaziike ndi m'thumba momwe.

Komatu mfundo yosamasuka iri ndi mtengo wace, ndipo aulipira ndi womangidwayo. Mbuzi yomangidwa m'khosi ndi mfundo ya msampha ikadzidzimuka ndi kukoka, cingwe cithina, ndipo mwini wace aipeza itafa, cingwe ciri cigwirire bwino lomwe. Kale mwana ankaperekedwa cikole pa mlandu wa akuru ace. Abale akalephera kumuombola, iye ankakalamba ali kapolo pa cifukwa ca cinthu cimene sanadye. Pangano lotere linali lolimba ndithu, ndipo kulimba kwaceko ndiko kunali kuipa kwace.

Makolo a Acewa pa ukwati anacita mwanzeru koposa. Sanasiye mwamuna ndi mkazi kuti adzimange okha, koma anaika ankhoswe, wa kucimuna ndi wa kucikazi, ngati nsici pozunguliza cingwe. Ndeu ikabuka m'nyumba, kulemera kwace kufikira pa iwo. Ukwati ukakanika ndithu, aumasula ndi iwo omwewo pamaso pa anthu, ana ndi katundu nadziwika kopita. Pomasulira palipo, koma sipali m'dzanja la munthu wokwiya usiku.

Abusa aziweto adziwa cimodzimodzi. Pomanga mwana wa ng'ombe apinda nsonga ya cingwe kuti pokoka kamodzi mfundo imasuke, nyama ikagwa kapena khola likagwira moto. Koma nyama yocenjera itafuna nsongayo ndi kudzimasula. Cifukwa cace mbusa wozolowera apisa nsonga m'kabowo ka popindapo. Pakamwa pa ng'ombe pakoka osaphula kanthu, koma zala za munthu zisolola nsongayo, zikoka, ndipo cingwe cigwa pansi cathunthu, coti mawa cimangenso.