Zipata za pa N1

Ulendo wa kumudzi ndimaunyamuka usiku, Johannesburg ali m'tulo. Galimoto imakhala itafwamphuka ndi mabulangete, mapoto ndi njinga ya mphwanga pamwamba. M'mbali mwa mzinda ndimadutsa kunsi kwa zitsulo zazitali zopingasa msewu, zija zinkawerenga galimoto iliyonse kuyambira mu 2013. Eni dziko ambiri anakana kulipira, mpaka boma linazithimitsa mu 2024. Zikadali chiimire, ndipo ndimaziyang'ana mopanda chikondi. Zinkafuna ndalama kwa munthu osamuimitsa, osamuona nkhope.

Kuseri kwa Pretoria kumayamba zipata zenizeni: Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn, kenaka Baobab kufupi ndi Musina. Ndinaziloweza ngati mayina a azakhali. Pakati pa zipatazi msewu wa N1 ndi wosalala, malo ambiri liwiro lake ndi makilomita 120 pa ola, ndipo munthu umauma pachiwongolero ngati chitsa. Midzi imadutsa chapatali. Palibe wokupatsa moni, palibe wofunsa kuti kwanu nkuti. Njira za kwathu sizili choncho. Kuchoka pakhomo kukafika kudimba umaima kanayi, kufunsa za odwala, kumva za maliro a kutsidya.

Nchifukwa chake nyali za chipata zikaoneka patsogolo, mtima wanga umakhala pansi. Ndimaponda mabuleki, kutsitsa galasi, mphepo ya mbandakucha nkulowa. M'kanyumba muli mayi wavala chipewa cha ubweya, wagwira ntchito usiku wonse. "Dumela," amatero. Ine ndimayankha ndi Chisotho changa chothyokathyoka, kupereka ndalama ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono monga anandiphunzitsa amayi. Mwina iye saona nkomwe. Mtengo wotchinga msewu umadzuka, ine nkumapita.

Ndalamayo imapweteka, zoona. Zipata zisanu ndi chimodzi, marandi amene akanagula shuga ndi sopo wa kunyumba. Kwathunso zipata zinafika, pa Chingeni mu 2021, kenaka pa Kalinyeke, ndipo wofunsa kuti ndalama zake zikukwirira maenje ati akufunsa zomveka. Phula silimera lokha, koma wolipira ayenera kuliona pansi pa matayala ake.

Komabe chimene chimandigwira mtima pazipatazi ndi china. Agogo anga aamuna anatsika njira yomweyi wapansi, ali mnyamata, osadzera kwa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Ankati anayenda miyezi. Chakudya chikatha ankaima pafamu ya mzungu, kugwira ganyu milungu ingapo, nkupitirira. Usiku wina anagona mumtengo kuopa zilombo. Limpopo anawoloka nthawi yachilimwe, madzi ali m'mawondo, nsapato zili pakhosi. Mnzawo wina wa m'mudzi momwemo anadwala m'njira, ndipo anamusiya pamudzi wa anthu a chilankhulo china. Agogo akafika pamenepa ankangoti zii, nkuyamba kufunafuna fodya m'thumba. Dzina la mudziwo sanalitchulepo.

Mtunda wa Johannesburg mpaka Beitbridge, makilomita oposa 500, ine ndimaumaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Penapake m'mbali mwa msewu umenewu, kuseri kwa waya wa mafamu, pagona munthu wa kwathu amene abale ake anamudikira mpaka anamutcha mtchona. Pa liwiro lija sindingamuganizire, maso amakhala pa malole ndi mabasi okoka ngolo. Ndimamukumbukira pokhapokha galimoto itaima, ndili pamzere, injini ikung'ung'udza pang'onopang'ono. Kamphindi kameneko ndi kokhako kamene msewu umandipatsa, ndipo ndimakalandira.

Ukadutsa Louis Trichardt msewu umakwera mapiri a Soutpansberg, kulowa m'mphanga zobooledwa m'thanthwe, nkutsikira kudziko lotentha la tsanya ndi milambe. Apa mphepo imayamba kununkha ngati ya ku Chikwawa. Pa Baobab ndimalipira komaliza, kupinda risiti nkuiika pamodzi ndi zinzake zisanu. Kutsogolo kuli mzere wa pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, mlatho wa pa Tete, Zobue, kenaka Mwanza. Galasi sindilikwezanso msanga. Ndimayenda pang'onopang'ono kwakanthawi, mkono uli panja, ndikuyang'ana milambe imodziimodzi, poti ina mwa iyo inalipo kale pamene anyamata awiri aja ankadutsa.