Galu Sanena

Mu June amalume anga a ku Chilenje anacitidwa opaleshoni ya bondo. Madokotala anacotsa nsonga za mafupa zimene zinali zitaperepeseka, n'kuikapo citsulo ndi pulasitiki. Munthu wotere amayenda ndi ndodo kwa milungu ingapo, ndipo kugwa n'koopsa kwambiri. Agalu awo awiri ali ndi cizolowezi cowalumphira akangowaona. Conco agaluwo anabwera kwathu ku Matero, pamodzi ndi K600 ya cakudya cawo ca mwezi wonse.

Milungu iwiri yoyamba ndinali wokhulupirika. Ndinawaphikira nsima yawo, n'kuwagulira mafupa kumsika. Mlungu wacitatu mayunitsi a malaiti anatha malipiro asanalowe. Ndinayang'ana ndalama zija, mtima n'kundinong'oneza kuti galu ndi galu, angadye makombo. Adzadziwa ndani? Galu sanena.

Ndinatengako K200. Malaiti anayaka, koma mbale za agalu zinapepuka. Madzulo alionse amalume anali kuimba foni: "Mphwanga, anyamata anga adya?" Ine n'kuyankha kuti adya. Silinali bodza lenileni, komanso sicinali coonadi.

Kodi ndinalakwira ndani? Immanuel Kant anaphunzitsa kuti tilibe udindo wacindunji kwa nyama, koma wocitira nyama nkhanza amaumitsa mtima wake kwa anthu. Jeremy Bentham, mu 1789, anati cofunika si kulankhula kapena kuganiza kwa nyama, koma ngati imamva kuwawa. Kwa Kant, ndinaononga mtima wanga. Kwa Bentham, ndinalakwira agalu. Kwathu kuno tinganene kuti ndinalakwira amalume, amene anandidalira pamene sakanatha kuimirira okha.

Onsewa akunena zoona, koma cimene cinandisowetsa tulo n'cina. Ndikanakhala kuti ndikusunga mwana wa amalume, sindikanakhudza ndalamazo. Timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma tinene zoona: mwanayo ali ndi pakamwa, akhoza kukanena. Ndinasankha kudyera agalu cifukwa iwo sakanandineneza. Ndiye kuti ubwino wanga wonse unali mantha cabe?

Funsoli linanditsatira mpaka m'kalasi. Mwana amene makolo ake amabwera kudzafunsa, buku lake ndimaliconga mosamala. Nanga uja wa kumbuyo, wosadandaula, amene palibe womulankhulira? Kangati ndadutsa desiki yake ndili ndi liwiro? Nkhalamba yoiwalaiwala, wodwala wosatha kudzuka, khanda losiyidwa kwa wanchito: onsewa ali m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti sadzafunsidwa.

Malipiro atalowa ndinabweza K200 ija m'mbale za agalu. Zimenezo zinali zosavuta. Covuta cinali tsiku lowabweza ku Chilenje. Ndinapeza amalume akuyeseza kupinda bondo pampando, thukuta lili kamukamu. Ndinawauza zonse. Anakhala cete kanthawi, kenako anati: "Ukanangondipempha, ndikanakupatsa. Koma iwowa akanapempha kwa ndani?"

Agaluwo anali atagona pamapazi anga, akugwedeza micira. Sanandisungire cakukhosi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a amalume. Kucokera tsikulo, ndikafuna kudziwa kuti ndine munthu wotani, sindiyang'ana mmene ndimacitira ndi ahedi a sukulu. Ndimayang'ana mbale ya amene sangakanene.