Ukatsikira ku Tete, Mwana Wanga

Mwana wanga, ndamva kuti wamanga kale katundu, ukufuna kutsikira ku Tete kukafuna ntchito. Sindikuletsa ayi. Makolo athu ankapita ku Joni ndi ku Halale, ena anabwera ndi njinga ndi makina osokera, ena anatchona mpaka manda awo sitiwadziwa. Ndikufuna iwe ukhale mwa obwerawo. Tsono khala pansi, utchere khutu, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Choyamba, uliope dzuwa. Iwe unabadwira kuno kumapiri, kumene tirigu ndi mbatatesi zimalola, kumene mwezi wa Juni timaotha moto ngakhale masana. Tete ali kuchigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Usakaonetse mphamvu pa dzuwa la kumeneko. Ntchito yolemetsa uzigwira mmamawa ngati abwana alola, chipewa chisachoke kumutu, botolo la madzi lisachoke m'manja. Ukamva mutu kuwawa, chizungulire, mkodzo utachepa n'kufiira, thawira pamthunzi ukamwe madzi. Amene amakomoka pa ntchito nthawi zambiri ndi anyamata amphamvu amene anachita manyazi kupuma. Ndiponso mkute umene kuno timadya mmawa osadandaula, kumeneko umasasa usiku umodzi. Phika chokwanira tsiku limenelo.

Chachiwiri, udzudzu ndi madzi akumwa. Thupi lokulira kozizira silinazolowere malungo a kuchigwa, likagwidwa limagwa msanga. Neti uyambe kugula usanagule wailesi, ndipo uzigonamo ngakhale thukuta likhale kamukamu. Ukamva kuphwanya m'thupi, pita kuchipatala tsiku lomwelo akakuyeze magazi, mankhwala ukamalize onse ngakhale upeze bwino pa tsiku lachiwiri. Madzi uziwiritsa kapena kuthiramo mankhwala a Certeza. Kolera inavuta m'chigawo chathu cha Tete mu 2023, ndipo nthendayi imatha kumaliza munthu wamkulu dzuwa lisanalowe kawiri.

Chachitatu, mitsinje. Zambezi si khwawa la kudimba kwa amako. Muli ng'ona, ndipo malo amene eni dera sasambapo, iwenso usayandikepo ngakhale kutenthe bwanji. Pofuna nyumba ya lendi, usathamangire yotchipa ya m'mphepete mwa Revubue. Madzi a mtsinje umenewo amachokera kumapiri kwathu kuno, choncho umatha kusefukira kumeneko kuli ngwee, mvula itagwa kuno. Mu Malichi 2019 unalowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi ndi ku Matundo, ndipo mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, unagumula mlatho. Funsa nkhalamba za pamalopo kuti madzi amalekeza pati. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, mapepala. Usanyamuke wopanda chiphaso cha BI, ndipo nambala ya msonkho ya NUIT ukonzeretu, pakuti kampani yolongosoka idzakufunsa zimenezi. Ukalembedwa ntchito, pempha kontarakiti yolembedwa, wina wodziwa Chipwitikizi akuwerengere usanasaine. Uonetsetse kuti ndalama zimene akudula pa malipiro ako zikupitadi ku bungwe la penshoni la INSS, chifukwa tsiku limene udzadwale kapena kukalamba, mawu a pakamwa a kapitawo sadzakudyetsa. Wina akakuuza kuti umupatse ndalama kuti akulowetse ntchito ku mgodi, dziwa kuti wakumana ndi mbala. Ambiri anagulitsa mbuzi za makolo awo n'kupatsa anthu otere, mawa lake foni osagwira.

Chachisanu, ndipo apa umvetsetse: ntchito ya m'tauni ili ndi eni ake, ndipo eni akewo amasintha. Kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, anthu n'kumati chuma chafika chosatha. Mu 2022 inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan n'kuchoka. Mgodi wa Benga nawo, kampani ya Rio Tinto inaugulitsa mu 2014. Mtengo wa malasha ukatsika kutsidya kwa nyanja, woyamba kuuzidwa kuti akhale kunyumba ndi iwe wa fosholo. Ngakhale ku fakitale ya fodya mumzinda wa Tete, kumene kumapita fodya wa ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo, ntchito zambiri n'zanyengo: fodya akatha, nawe watha. N'chifukwa chake ndikuti munda wako usagulitse, usaupereke chikole, usausiye tsala. Mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme kuti mgodi upeze malo akhoza kukuuza kuwawa kwa kusiya nthaka imene umaidziwa. Iwo anachotsedwa, iwe usadzichotse wekha.

Ukapeza ntchito ya ku mgodi kapena ya zomangamanga, vala zonse zimene akupatsa: chisoti, majombo, chotchinga kukamwa ndi mphuno. Anzako adzati n'zotentha. Inde n'zotentha, koma fumbi la malasha likakhazikika m'mapapo silichokanso, ndipo chifuwa chake udzachimva utabwerera kuno, malipiro atatha kalekale.

Chachisanu ndi chimodzi, ulemu. Ukupita kwa eni, kwa Anyungwe. Phunzira moni wawo sabata loyamba, ndipo usaseke kayankhulidwe kawo, monga iwenso sungakonde kuti aseke kako. Ukafika, kadzionetse kwa mlembi wa bairo, chimodzimodzi mlendo amene amayamba wafika kwa anyakwawa. Tsiku la vuto ndiye adzakuikire umboni kuti ndiwe munthu. Mwini nyumba uzimulipira tsiku limene munagwirizana; zikavuta, muuze lisanafike. Pa maliro a oyandikana nawo usasowe, ngakhale womwalirayo sukumudziwa, pakuti mlendo wosalira maliro a eni, ake adzawalira yekha. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo.

Chachisanu ndi chiwiri, zinthu zaulere uzizithawa. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, anthu anaunjikana ndi zigubu pa thanki ya petulo kuti atungeko. Thankiyo inaphulika, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena ali ana. Sanali anthu oipa, anali osauka ngati ife, oona ngati mwayi wawagwera. Wina akakuitanira dizilo wopopa usiku, waya wa magetsi kapena chitsulo cha njanji, kana ndipo uchokepo. Ndalama yake ndi ya tsiku limodzi, koma ndende kapena chilema n'cha moyo wonse.

Chachisanu ndi chitatu, mowa ndi chiwerewere. Kutentha kumaitana ludzu, ndipo malipiro ambiri amathera pa bala Loweruka loyamba. Mowa umene sukudziwa wophika usamwe. Ku Chitima, mu Januwale 2015, anthu 75 anafa atamwa mowa wa pamaliro wophikidwa ndi ufa woonongeka. Komanso Tete ndi mphambano ya malole opita ku Zóbuè, ku Cuchamano ndi ku Cassacatiza, ndipo pamene pamagona anthu apaulendo ambiri, matenda opatsirana pogonana sasowa. Mkazi wako ukumusiya kuno ndi khasu ndi mwana kumsana. Usadzamubweretsere imfa m'malo mwa chitenje. Ukalephera kudzigwira, dziteteze, ndipo ukayezetse magazi usanalowe m'nyumba mwake. Banja lachiwiri la kutauni lisakunyenge, mapanga awiri avumbwitsa.

Chachisanu ndi chinayi, ndalama. Usananyamuke, unene pamaso pa mkazi wako ndi atsibweni ako chimene ukukafuna: kaya malata, kaya feteleza wa dimba la mbatatesi, kaya ng'ombe ziwiri za ngolo. Wopita wopanda cholinga sadziwa tsiku lobwerera. Ukangolandira, gawo la kumudzi utumize tsiku lomwelo pa M-Pesa kapena e-Mola, lisanagone m'thumba. Ngongole ya katapira usaikhudze. Ukadzafika pamsika wa Kwachena n'kuona mtengo umene akugulitsira mbatatesi ndi kabichi za kuno, udzazindikira wekha kuti tauni yonse ija imadya thukuta la kumapiri, ndipo mlimi wokhala ndi mpamba sachepa kwa munthu wa yunifolomu.

Chotsiriza, uike malire. Mvula yoyamba izikupeza utakonza za munda, kaya wabwera wekha kaya watumiza ya aganyu. Maliro a pamtundu ukawamva, bwera. Foni uziimba ngakhale ulibe chotumiza, chifukwa ambiri amene anatchona sanatchone ndi chuma, anatchona ndi manyazi obwera chimanjamanja. Zikakakuvuta, kwera chapa ubwere; pano palibe adzakuseke ine ndili moyo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Mawa m'mawa ukatsanzike kwa anyakwawa ndi kwa atsibweni ako, usachoke mozemba ngati wolakwa. Ukagwire ntchito ndi manja oyera, ukasunge thupi lako ndi dzina la mtundu wako, ndipo chimene wapitira chikakwana, ubwere. Chauta akutsogolere, mwana wanga.