Tizilombo Tosaoneka ndi Maso Nato N'tolengedwa ndi Mulungu

Kuwerenga: Mateyu 13:33 ndi Deuteronomo 23:12-14



Pophunzitsa za Ufumu wa Kumwamba, Ambuye Yesu anapereka fanizo la mayi amene anasakaniza chotupitsa mkate mu ufa wambiri mpaka wonse unafufuma. Chotupitsacho, chimene lero timachitcha yisiti, ndi chamoyo. Ndi tizilombo ting'onoting'ono timene timadya shuga wa mu ufa n'kumatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umafufumitsa mandasi athu.

Ambirife tikamva za tizilombo tosaoneka ndi maso timangoganiza za matenda. Komatu tilipo ta mitundumitundu: mabakiteriya, nkhungu, mavairasi ndi tina. Anthu sankadziwa kuti tilipo mpaka cha m'ma 1670, pamene Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anationa pa galasi lokuzira zinthu. Tambiri mwa ito sitidwalitsa munthu, ndipo tina timatitumikira usana ndi usiku.

Taganizirani, amayi. Thobwa likagona n'kuyamba kuwawasa bwino, ndi ntchito ya tizilomboti. Chambiko chimodzimodzi. Mapesi ndi ndowe sizingasanduke manyowa popanda ito. Mukazula mtedza, soya kapena nandolo, yang'anani timibulu ta pamizu. Mmenemo mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu, chakudya chomwecho chimene timagula mokwera mtengo m'thumba la feteleza. N'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pamene panali mtedza. M'matumbo mwathunso muli mabakiteriya miyandamiyanda othandiza kugaya chakudya ndi kutchinga tizilombo toipa. Mulungu anatipatsa antchito amenewa tisanadziwe n'komwe kuti tiwapemphe.

Tilipo tina toopsa, monga toyambitsa chifuwa chachikulu ndi kolera. Mliri wa kolera wa m'chaka cha 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera imafala chimbudzi cha wodwala chikafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Kale kwambiri Mulungu analamula Aisraele kuti azidzithandiza kunja kwa msasa ndi kukwirira, chifukwa Iye amayenda pakati pawo. Choncho chimbudzi chovundikira, madzi othira klorini ndi kusamba m'manja ndi sopo ndi mbali ya kumvera kwathu.

Ngakhale mankhwala ogonjetsa mabakiteriya oipa anachokera ku tizilombo tinzake. M'chaka cha 1928, Alexander Fleming ku London anaona kuti nkhungu ina ikupha mabakiteriya m'kambale kake ka kafukufuku. Apo m'pamene panachokera penisilini, amene wapulumutsa amayi ambiri ku matenda a pambuyo pobereka. Mu 1945 Fleming yemweyo anachenjeza kuti munthu akamamwa mankhwalawa mopereweza, mabakiteriya adzawazolowera ndipo sadzafanso.

Amayi anzanga, apa ndi pamene pagona nkhawa yanga ngati munthu amene ndinagwirapo ntchito ya unamwino. Mwana akangoyamba chimfine, timathamangira kugolosale kukagula makapusozi awiri kapena atatu. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin kapena Bactrim sapha mavairasi. Amangopha mabakiteriya abwino a m'mimba mwa mwanayo, mwina n'kumutsegulitsa m'mimba, pamene olimba otsalawo amachulukana. Tsiku limene mwana yemweyo adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala aja akhoza kukanika. Enanso timasiya mankhwala tikangopezako bwino, otsalawo n'kusungira mdzukulu kapena kugawira mnansi. Timayesa chifundo, koma tikuwononga mphatso imene Mulungu anapereka kwa ife ndi kwa adzukulu athu omwe.

Tsono tigwirizane zinthu zitatu. Choyamba, mankhwala a mtundu umenewu tizimwa pokhapokha atilembera a kuchipatala. Chachiwiri, tizimwa monga atiuzira, pa nthawi yake ndi masiku ake onse, osagawana. Chachitatu, tikamayendera odwala m'milaga mwathu, tikatha kupemphera tizifunsanso ngati akumwa mankhwala moyenera, makamaka a chifuwa chachikulu amene amatenga miyezi 6, ndiponso ngati madzi akumwa ali otetezedwa.

Yisiti wa m'fanizo lija ndi wochepa, amagwira ntchito mobisika, koma amafika mu ufa wonse. Ntchito ya mayi pakhomo ndi yotero. Palibe amene amamuwombera m'manja akathira klorini mumtsuko kapena akadzuka usiku kumwetsa mwana mankhwala, koma Atate amene amaona zobisika amaziona, ndipo mudzi wonse umatetezeka.

Tipemphere: Mulungu Mlengi wa zazikulu ndi zazing'ono, tikuyamikani chifukwa cha zolengedwa zanu zimene zimatidyetsa ndi kutichiritsa ife osaziona. Tipatseni nzeru zosamalira mphatso ya mankhwala, ndipo chiritsani odwala onse a m'dayosizi yathu. Tikupempha kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.