Masekondi Atatu

Pa bwalo la mpira ku Chipata maso onse amakhala pa osewera, ndipo ndi owerengeka amene amaganizako za munthu wogwira wochi. Komatu cilungamo ca masewera cili m'dzanja lace.

M'caka ca 1972 ku Munich, anyamata a m'makoleji a ku America analikutsogola pa mpira wa basiketi, 50 kwa 49, patatsala masekondi atatu. Osunga nthawi ndi oweruza anasokonezeka, kotero kuti masekondiwo anaseweredwa katatu. Kacitatuko Alexander Belov anagoletsa, ndipo Soviet Union inapambana, 51 kwa 50. Ogonjawo anakana mendulo zao zasiliva.

Kodi colakwa cotere cingakonzeke? Kubweza nthawi ndiko kulanda amene anayesa kuti apambana. Kusaibweza ndiko kumana amene anatayiridwa mpata. Madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace cilungamo siciyambira pa woweruza mlandu, koma pa wanchito wamng'ono amene asamala zinthu zisanalakwike. Mnyamata wolowa ukalaliki, kapena woyeza mtedza wa alimi pa sikelo, adziwe kuti nayenso wagwira wochi.