Kodi Tizilombo Todya Masamba a Mapeyala N'toipa?

Mtengo wa mapeyala, umene akatswiri a zomera amautcha Persea americana, unachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo lero unakhazikika m'makomo ndi m'minda ya maboma a mvula yambiri monga Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Nkhata Bay, kumene umadyetsa mabanja ndi kuwapezetsa ndalama. Masamba ake akayamba kubooka kapena kupserera m'mphepete, mwini mtengo amathamangira kufunsa za mankhwala opopera, komabe pansi pa funso limeneli pagona lina lakale kwambiri, limene lakhala likusautsa anthu opembedza ndi oganiza mozama. Ngati Namalenga analenga zonse n'kuziona kuti n'zabwino, monga limaphunzitsira buku la Genesis, kodi mbozi yodya tsamba ili ndi malo otani m'chilengedwe, nanga munthu ali ndi ufulu wotani woipha?

Yankho lina linaperekedwa ndi otsatira a Mani, mphunzitsi wa ku Persia wa zaka za m'ma 200, amene ankakhulupirira kuti pali mphamvu ziwiri zosayanjana, ya kuwala ndi ya mdima, kotero kuti zolengedwa zovutitsa munthu ankaziwerengera ku mbali ya mdima. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anabadwa mu 354 n'kumwalira mu 430, anatsatirapo chiphunzitsochi asanachikane, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa kuti choipa si chinthu cholengedwa koma ndi kusowa kwa ubwino umene unayenera kukhalapo. Iye anayerekeza munthu wodandaula za zolengedwa zoopsa ndi mlendo wolowa m'nyumba ya mmisiri, amene akadzicheka ndi chipangizo chakuthwa amachiyesa chachabe pamene mmisiriyo akudziwa ntchito yake. Mwa kaganizidwe kameneka mbozi ilibe mlandu, chifukwa ikudya kuti ikhale ndi moyo, ndipo imasanduka mdani pokhapokha njala yake ikakumana ndi njala ya munthu pa mtengo umodzi.

Moyo wa mtengo wa mapeyala umagwirizana ndi Augustine, chifukwa zambiri zoononga masamba ake sizichokera kwa tizilombo todya masamba n'komwe. Masamba opserera kunsonga kawirikawiri amasonyeza kuchepa kwa madzi kapena kuchuluka kwa mchere m'nthaka, pamene masamba ang'onoang'ono achikasu ndi olefuka amasonyeza kuola kwa mizu, matenda obwera ndi kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Phytophthora cinnamomi, kamene kanazindikirika mu 1922 pa mitengo ya sinamoni ku Sumatra ndipo kamafala kumene madzi amadikha. Mtengowu umayoyolanso masamba akale pa nyengo ya maluwa popanda matenda aliwonse. Zilipo ndithu mbozi, akangaude ang'onoang'ono oyamwa madzi a m'masamba ndi tizilombo tina tokanda khungu la chipatso, koma mtengo wokhwima umapirira kutaya masamba ena osachepetsa zokolola. Motero wopopera asanafufuze amaweruza mlandu asanamve mboni, ndipo akuluakulu sanalakwe ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiweruzo chopupuluma chotere chimagwera osalakwa. Duwa la peyala limatseguka kawiri, poyamba ngati lalikazi lolandira mungu, ufa wobereketsa, ndipo tsiku lotsatira ngati lalimuna loupereka, kotero kuti mtengo umadalira njuchi ndi ntchentche zina kunyamula munguwo kuchokera ku duwa lina kupita ku linzake. Mankhwala opha chilichonse akapoperedwa pa nthawi ya maluwa amapha onyamula munguwa pamodzi ndi mavu ang'onoang'ono ndi akangaude amene amadya mbozi. Mbiri ya ulimi ikuchitira umboni zimenezi. Mu 1888 alimi a malalanje ku California analandira kuchokera ku Australia kachikumbu kotchedwa vedalia, kamene kanagonjetsa tizilombo toyamwa mitengo yawo, koma mankhwala a DDT atafala m'ma 1940 anapha kachikumbuko ndipo mliri unabukanso. Mu Africa muno, kodikodi amene anaononga chinangwa m'ma 1970 ndi 1980 anagonjetsedwa ndi kamavu kochokera ku South America, kamene akatswiri a bungwe la IITA motsogoleredwa ndi Hans Herren anakafalitsa m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi. Pa zochitika zonse ziwirizi chipulumutso cha mlimi chinadzera mwa kachilombo.

Komabe sikungakhale koona kunena kuti munthu asaphe konse. Achipembedzo cha Jain ku India amatsatira ahimsa, lamulo la kusavulaza chamoyo chilichonse, ndipo Albert Schweitzer, dokotala ndi m'busa amene anatumikira ku Lambaréné m'dziko la Gabon, anaphunzitsa za kulemekeza moyo wonse, koma iye yemwe anavomereza kuti munthu nthawi zina amakakamizika kuchotsa moyo wina kuti apulumutse unzake, ndipo kuti ayenera kusenza udindo wa chosankhacho. Ntchentche ya zipatso yotchedwa Bactrocera dorsalis, imene inaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003 n'kufalikira m'maiko ambiri, imaikira mazira m'zipatso n'kuziwoletsa, ndipo imatsekera alimi misika ya kunja. Kholo limene limadalira mapeyala kuti lilipirire ana sukulu likaleka chipatso chikuonongeka, limakhala lachitira chifundo ntchentche n'kulakwira ana ake omwe.

Zipembedzo zazikulu za kuno zimaika munthu pakati pa mbali ziwirizi. Buku la Genesis, limene m'mutu woyamba limapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo, m'mutu wachiwiri limamuika m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo Papa Francisco mu kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 anatsindika kuti ulamulirowu suli chilolezo choononga. Qur'an nayo imatcha munthu khalifa, kutanthauza woimirira Mwini dziko amene adzafunsidwa za kasungidwe kake. Wosunga za mwini ali ndi ufulu woteteza mtengo, koma alibe ufulu wofafaniza zamoyo zonse za m'mundamo, popeza si zake.

Nzeru imeneyi ikufanana ndi imene akatswiri a University of California anafalitsa mu 1959, yoti mankhwala agwiritsidwe ntchito pokhapokha kuonongeka kwafika pa mlingo umene mlimi angataye zambiri kuposa mtengo wa mankhwalawo. Mlingowo usanafike pali ntchito zina: kuyendera mtengo ndi kutembenuza masamba, kutola zipatso zakugwa n'kuzikwirira mozama kuti mphutsi zisakule, kudulira nthambi kuti mphepo izidutsa, kuphimbira mizu ndi zinyalala, kupatutsa madzi odikha, kutchera misampha ya ntchentche ndi kuchotsa mbozi pamanja pa mitengo ing'onoing'ono. Zikakanika, mlimi amafunsa mlangizi wa zaulimi, amasankha mankhwala olunjika pa kachilombo kamene kapezeka, amatsatira muyeso wolembedwa, amavala zodzitetezera ndipo amapewa nthawi ya maluwa.

Choncho tizilombo todya masamba a mapeyala si toipa mwa chilengedwe chake, ndipo kutipha si tchimo pamene chakudya cha banja chili pangozi. Cholakwa chili pa kupha mosadziwa, mopitirira muyeso ndi mosaganizira zamoyo zina. Alimi, alangizi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ayenera kuphunzitsana kuti kufufuza kutsogole, kuteteza kutsatire, ndipo kupopera kukhale kotsiriza.